BASS, NSOMBA YACILENDO: MITUNDU YACE NDI MAKHALIDWE ACE

Nkhani iyi inakambidwa ndi mlangizi wa za nsomba kwa owedza a m'makomboni a Lusaka. Taisindikiza pano cifukwa ikhudza kwambiri inu a kumudzi, eni madamu ndi maiwe.

 Ndikuona nkhope za ku Kanyama, za ku Matero ndi George. Ena mwacokera ku Chawama, ena ku Kalingalinga ndi Mtendere. Ambiri a inu muli ndi nchito zina pakati pa mlungu, koma likafika Loweruka mumanyamula mbedza ndi kacitini ka nyongolotsi, ulendo wa ku Kafue, ku Chongwe, kapena ku madamu a m'mafamu.

Cimene candibweretsa pamaso panu lero ndi ndowa. Tsiku lina bambo wina wa ku Kanyama anandipeza atanyamula ndowa yobvundikira ndi thumba lonyowa. M'katimo munali tinsomba tamoyo tisanu ndi kamodzi, totalika ngati cala. Anati anatitenga pa damu la famu ina kumene mlamu wace agwira nchito, ndipo m'mawa mwace afuna kukwera nato basi kupita kwao ku Chipata, kukatiponya m'damu la m'mudzi. "Ndi tinembwe," iye anatero, "tikakula, anthu kwathu adzaleka kulira ndiwo." Mtima wa bamboyo unali wabwino. Koma nditatenga kamodzi ndi kukayang'anitsitsa, ndinaona kuti si nembwe iai. Anali ana a bass.

Dzinali ndi la Cingerezi. La makolo palibe, popeza makolo athu nsombayi sanaione. Limamveka ngati basi yokwera, koma musasokonezeke, iyi sinyamula anthu a ku Matero. Dzina lonse amati black bass, ngakhale kuti nsombayo si yakuda kweni-kweni.

KWAO KWA BASS

Bass kwao ndi ku North America, m'mitsinje ndi m'nyanja za madzi opanda mcere. Kumeneko owedza amamkonda kwambiri, cifukwa akakodwa amalimbana, nalumpha pamwamba pa madzi ndi kupukusa mutu kuti alabvule mbedza. Mitundu yace ipitirira 10. Ina ikhala m'mitsinje yowerengeka cabe: wa Guadalupe apezeka ku Texas kokha, wa Suwannee m'mitsinje ingapo ya ku Florida ndi Georgia. Imeneyo tiisiye kwao. Ife tidziwe mitundu inai imene inaoloka nyanja kudza kuno kumwera kwa Africa.

Woyamba ndi wa kukamwa kwakukuru, amene pa Cingerezi achedwa largemouth. Uyu ndiye wathu, ndiye anali m'ndowa muja, ndiponso ndiye mungakomane naye m'madamu a dziko lino. Anafika ku South Africa mu 1928, namswetsa m'maiwe a Boma pa Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch. Mu 1932 anamtengera ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, ndipo pambuyo pace anafika kuno ndi ku Nyasaland m'masiku a atsamunda. Msana wace ndi wobiriwira, mimba yoyera, ndipo m'nthiti muli mzere wakuda wodukaduka kuyambira kumutu kufikira kumcira. Cizindikiro cace cacikuru ciri pa mlomo. Mtsekeni pakamwa, mumuyang'ane cam'mbali: pfupa la mlomo wam'mwamba lipitirira diso, kukathera kumbuyo kwace. Mukamtsegula pakamwa, wamkuru ndithu mungalowetsemo cibakera. Akonda madzi odikha, oyera, ofunda, okhala ndi udzu, bango ndi zitsa zomira. Kunena kwina, akonda damu.

Waciwiri ndi wa ku Florida. Poyang'ana ndi maso afanana ndi woyambayo ngati mapasa, ndipo awiriwa amakwerana ndi kubala ana osakanizika. Ofuna kuwasiyanitsa amawerenga mamba a pa mzere wa m'nthiti: woyambayo ali nao 59 kufikira 65, wa ku Florida 69 kufikira 73. Uyu sapirira kuzizira, koma m'maiko ofunda amakula kuposa mnzace, ndico cifukwa cace owedza a masewera anamuitanitsa. Anafika ku South Africa mu 1980, ndi ku Zimbabwe m'zaka zomwezo. Pa damu la Darwendale, limene licedwanso Manyame, pafupi ndi Harare, munthu anagwira bass woposa makilogalamu 8 mu 2004. Ku Mozambique damu la Chicamba lichuka ndi nsomba yomweyi. Akuru koposa amene analembedwa m'mabuku a owedza ndi awiri, onse a makilogalamu 10 ndi pang'ono: wina anagwidwa ndi George Perry ku Georgia mu 1932, wina ndi Manabu Kurita pa nyanja ya Biwa ku Japan mu 2009. Ndingoonjeza kwa ana a sukulu kuti mu 2022 akatswiri anapeza kuti maina a Cilatini a mitundu iwiriyi anasokonezeka kale: Micropterus salmoides liyenera wa ku Florida, ndipo winayo ndi Micropterus nigricans. Mphika sudziwa Cilatini, tiyeni tipitirire.

Wacitatu ndi wa kukamwa kwakung'ono, smallmouth, amene anafika ku South Africa mu 1937. Pfupa la mlomo wace lithera pansi pa diso, osapitirira. Thupi lace ndi lofiirira ngati mkuwa, ndi mizere yoima yotsika kucokera kumsana, ndipo maso ace kawiri-kawiri ndi ofiira. Uyu ndi wa mumtsinje: afuna madzi ozizira, othamanga, a pamiyala. Sakula ngati anzace awiri aja. Wamkuru wodziwika, wogwidwa mu 1955 pa damu la Dale Hollow ku America, sanafike makilogalamu 6. Koma m'timitsinje ta m'mapiri ndiye woononga koposa, monga mudzamva.

Wacinai ndi wamawanga, spotted, wa mu 1939. Ali pakati pa enawo. Pansi pa mzere wa m'nthiti ali ndi timadontho takuda tondandalikana, ndipo pa lilime pace pali kacigamba ka timano kamene mungakamve ndi cala. Apirira madzi amatope pang'ono kuposa anzace.

Awiri otsirizawa ali kumwera, makamaka ku South Africa. Ndawachula kuti muwadziwe, pakuti masiku ano anthu ndi katundu ayenda kwambiri pa mseu wa Chirundu, ndipo nsomba imene ikwana m'ndowa ikwananso m'galimoto.

KUSIYANITSA BASS NDI NEMBWE

Apa ndiye mucherepo khutu, cifukwa ndi pamene bambo wa ndowa uja anaphonya, ndipo sindimseka. Nembwe wa mu Kafue ndi mu Zambezi, mbale wace wa tsungwa wa ku Nyanja ya Malawi, nayenso ndi wobiriwira, ali ndi kukamwa kwakukuru ndi mzere wakuda m'nthiti, ndiponso adya nsomba zinzace. Ziwirizi zikakhala zazing'ono, munthu wofulumira angalumbire kuti ndi mtundu umodzi. Ndiponso mwa tiana ta bass mlomo uja sunatalike kufika kumbuyo kwa diso, cotero cizindikiro cimeneco sicithandiza. Koma si abale konse. Nembwe ndi wa banja la cambo, limene kuno ku Lusaka timalicha bream. Bass ndi wa banja lina la ku America.

Yambani ndi cipsepse ca pamsana. Citambasuleni ndi zala. Ca nembwe ndi cimodzi cacitali, coyenda cosadukiza kucokera kumutu kufikira pafupi ndi mcira, ndipo minga yace ndi 15 kapena 16. Ca bass wa kukamwa kwakukuru ciri ngati ziwiri: kutsogolo kuli cigawo ca minga pafupi 10, kenaka mpata wakuya monga pamene nkhwangwa yadya mtengo, ndiyeno cigawo cofewa kumbuyo.

Kenaka yang'anani mzere wa m'nthiti. Sindikunena mzere wakuda uja iai, koma kamzere kena koonda ngati ulusi, ka timabowo ta m'mamba, kamene nsomba imamvera kugwedezeka kwa madzi. Mwa bass kamzereka ndi kamodzi, kocokera kumutu kukafika kumcira. Mwa nembwe, monga mwa cambo ndi abale ace onse, nkoduka pawiri: kam'mwamba kathera panjira, kena nkuyambira m'munsi mwace kupita kumcira.

Ngati maso anu ali akuthwa, onaninso mphuno. Nembwe ali ndi bowo limodzi mbali iri yonse, bass ali ndi awiri. Nembwe wamphongo wamkuru ali ndi madontho ofiirira onga mazira pa cipsepse ca kunsi, ndi m'mphepete mwa zipsepse mwacikasu. Bass alibe zimenezo. Mcira wa bass ndi wolowa pakati pang'ono, wa nembwe ndi wobulungira.

Kaleredwe ka ana kasiyananso. Nembwe wamkazi amafungatira mazira m'kamwa mwace kufikira ataswa. Kwa bass mlezi ndi bambo. Madzi akayamba kufunda, kufika madigiri 16 mpaka 20, ndiye kuti kuno kuyambira August kufikira October, wamphongo amasesa ndi mcira wace malo onga mbale pa mcenga kapena pa timiyala m'madzi osaya. Wamkazi amaikirapo mazira zikwi zambiri nacoka. Wamphongo amatsala kulonda, kupirikitsa ciri conse coyandikira, ndipo ana ataswa amawaweta ngati mbusa kwa masiku angapo. Mukaona kamtambo ka tiana takuda pafupi ndi gombe, nsomba yaikuru irikuzungulira pansi pace, dziwani kuti damulo lalowedwa kale.

CIFUKWA NINJI ANAMBWERETSA?

Zifukwa zinali ziwiri. Coyamba cinali masewera: eni mafamu anafuna nsomba yolimbana pa mbedza m'madamu ao. Caciwiri ndi cimene inu oweta nsomba mucidziwa bwino. Bream akaikidwa m'dziwe amaswana msanga, nacuruka kuposa cakudya, ndipo pokolola mupeza tinsomba tambiri-mbiri tosakula. Anthu anaganiza kuti nsomba yolusa ikadya tina, totsalato tidzanenepa. Pa damu la munthu mmodzi, loyang'aniridwa bwino, nzeru imeneyi nthawi zina imagwira nchito. Sindidzakunamizani kuti bass ndi nsomba yoipa m'mbale. Mnofu wace ndi woyera, wokoma, wa minga yocepa.

Koma tiyeni tiwerengere monga alimi. Bass sadya udzu, sadya gaga, sadya ndowe za nkhuku zimene mumathira m'dziwe. Ali kakhanda adya tizirombo ta m'madzi, koma akangofika utali wa cala ayamba nsomba. Akakula adya matemba, ana a bream, nkhanu, acule, ngakhale mbewa kapena mwana wa mbalame wogwera m'madzi. Oweta nsomba a ku America amawerengera kuti bass, kuti aonjeze kilogalamu 1 pa thupi lace, ayenera kudya nsomba zazing'ono pafupi makilogalamu 10.

Tsono ganizani za damu la m'mudzi kwa bambo uja. Ndani amadya za m'damu limenelo? Ndi amai obvuula matemba ndi citenje, ndi ana ochera mono, ndi nkhalamba yokhala pa gombe ndi kambedza kace kudikira bream wa ndiwo za madzulo. Makilogalamu 10 a matemba, ataumikidwa pa dzuwa, ndi ndiwo za mabanja angapo kwa masiku ambiri, ndipo matemba amadyedwa athunthu, ndi mitu ndi mafupa omwe, zimene zilimbitsa matupi a ana. Kilogalamu 1 ya bass ndi cakudya ca banja limodzi tsiku limodzi, ndipo kawiri-kawiri ndi banja la munthu amene ali ndi zida zabwino zowedzera. Ndiye kuti ndiwo za anthu ambiri zasanduka ndiwo za mmodzi. Ine pamenepa mpamene ndimakanira, ngakhale nditaiwala zina zonse. Onjezaninso kuti tinsomba tina tating'ono timadya mphutsi za udzudzu.

Akuru anati mlendo ndi mame. Mlendo uyu si mame iai; akalowa sacoka. Ku South Africa kuli kamtsinje kochedwa Rondegat, m'mapiri a Cederberg. Bass wa kukamwa kwakung'ono atakwera m'menemo, tinsomba ta komweko, timene sitipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, tinatha m'cigawo conse cimene iye anafika; tinatsala kumtunda kwa mathithi kokha kumene analephera kulumpha. Kuti amcotse, mu 2012 ndi 2013 akuru a zacilengedwe anathira mankhwala ochedwa rotenone pa mtunda wa makilomita 4, kupha nsomba zonse za m'cigawoco, kuti za kumtunda zitsikiremo mwatsopano. Zinatheka, tinsomba tija tinabwerera, koma inali nchito ya zaka ndi ndalama zambiri, pa kamtsinje kamodzi. Mankhwalawo ndi a mtundu umodzi ndi ululu wa mu ombwe. Wina asacoke pano nkunena kuti mlangizi walola katupe. Kupha nsomba ndi mankhwala ndi mlandu m'dziko lino.

Ku Guatemala, dziko la ku Central America, anaika bass m'nyanja ya Atitlán mu 1958 kuti akope alendo odzawedza. Tinsomba ndi nkhanu zimene eni dziko anali kudya zinacepa. Panalinso mbalame ina ya m'madzi, yosauluka, imene inali kupezeka pa nyanja yokhayo. Bass anadya cakudya cace ndi anapiye ace omwe. Kudula bango ndi cibvomezi ca mu 1976 zinaonjeza bvutolo, ndipo pofika 1989 mbalameyo inatheratu. Ku Japan, kumene bass anafika mu 1925, Boma linaika lamulo mu 2005 loletsa kumnyamula wamoyo kapena kumuika m'madzi ena.

Ndinene zoona zonse: bass sapambana pali ponse. Amasaka ndi maso, cotero m'madzi amatope amabvutika, ndipo m'mitsinje yaikuru ya kucigwa muli mceni ndi zolusa zina zomposa. Kumene amaononga kwambiri ndi m'madamu ang'ono ndi m'timitsinje toyera ta kumtunda. Tsoka lace, madzi otere ndiwo ali pafupi ndi midzi yathu.

MADZI SAKHALA PAMODZI

Bambo uja anandiyankha kuti, "Koma damu ndi lathu, nsombazo zidzakhala momwemo." Ndinamfunsa ngati damulo silisefukira m'January. Anaseka.

Inu a mu Lusaka muyenera kumvetsa zimenezi kuposa ena, cifukwa mzinda uno wakhala pa msana wa ng'ombe, madzi ace atsikira mbali ziwiri. Mvula yogwa ca ku Matero ndi George ilowa mu Chunga, Chunga atsira mu Mwembeshi, Mwembeshi mu Kafue. Ya kumpoto ndi kum'mawa kwa mzinda itsata Ngwerere ndi Chalimbana kukalowa mu Chongwe, ndipo Chongwe atsira mu Zambezi. Ku Chipata, Lutembwe atengera madzi ace ku Luangwa. Munthu wothira ndowa ya nsomba m'damu la kumtunda waithirira onse a kumunsi, amene sanamtume.

Zotere taziona kale kwathu konkuno. Bream wa ku Nile, amene anabwera kudzawetedwa m'maiwe, anapulumukira mu Kafue ca ku Mazabuka m'zaka za m'ma 1980. Lero wafala m'cigwa conse ca Kafue, ndipo amakwerana ndi bream wathu wa madontho atatu, kotero kuti mbeu yeni-yeni ya makolo ikusokonezeka. Nkhanu zacilendo za zala zofiira zocokera ku Australia zinayamba kuoneka mu Kafue kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Funsani asodzi a maukonde mmene zimadyera nsomba zokodwa usiku. Ndiponso nsomba yamoyo imayenda ndi matenda ace. Nthenda ya zironda za nsomba inaoneka kumtunda kwa Zambezi mu 2007, ndipo mu 2020 inabuka ku Mchinji, kungodumpha malire kucokera ku Chipata.

Wina adzati, "Nanga kapenta? Kodi sanacite kubwera naye ku Kariba?" Inde, anamtenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo lero adyetsa mitundu ya anthu. Koma taonani kusiyana kwace. Kariba inali nyanja yatsopano, yopangidwa ndi anthu, ndipo pakati pace panali madzi ambiri opanda nsomba yodyamo. Kapenta adya tizirombo tosaoneka ndi maso, sadya ndiwo za munthu. Ndiponso anasankhidwa ndi akatswiri a Boma atayamba apima. Sanapite m'ndowa ya munthu mmodzi pansi pa mpando wa basi.

Cifukwa ca zimenezi, Lamulo la Nsomba la mu 2011 linaletsa kuika nsomba yacilendo m'madzi ali onse popanda cilolezo colembedwa ca Mkuru wa Dipatimenti ya Nsomba, imene likuru lace liri ku Chilanga pa mseu wa ku Kafue. Ndipo musaganize kuti akanakhala nembwe weni-weni ndikanamlola bambo uja. Nembwe nayenso ndi wolusa, ndipo nsomba ya mu Kafue iri mlendo ku madzi a kwina. Amene afuna mbeu ya nsomba ya dziwe kapena damu la kumudzi apite kwa mlangizi wa nsomba wa m'boma lace, amene adziwa mtundu woyenera dera limenelo ndi kumene mbeu yabwino ipezeka. Ngati bvuto ndi bream wosakula cifukwa ca kucuruka, mankhwala ace alipo osafuna bass: kupatulira tinsomba kawiri-kawiri ndi kudya, kapena kugula mbeu ya amphongo okha-okha.

KUWEDZA KWACE

Tsopano, kumene bass ali kale, mgwireni ndi kumudya. Pamenepo ine ndi inu sititsutsana. Koma yambani mwapempha kwa mwini damu, musalowe ca pansi pa waya. Eni ena amafuna kuti nsomba yogwidwa ibwezedwe m'madzi, popeza kwa iwo ndi masewera. Kwa ife a m'komboni ndi cinthu codabwitsa kuona munthu akupsompsona ndiwo ndi kuitaya, koma damu ndi lace, tsatani lamulo lace. Mukamgwira mumtsinje wa anthu onse, ameneyo asabwerere.

Bass ndi wobisalira. Musataye nthawi kuponya pakati pa damu poyera. Mfuneni m'mphepete mwa bango, pansi pa kakombo, pa mtengo wogwera m'madzi, pa miyala ya khoma la damu, ndi pamene kamtsinje kalowera. Nthawi yace ndi mbandakuca ndi madzulo dzuwa litapendeka. Masana dzuwa likaswa mtengo amatsikira pakuya kapena kubisala mumthunzi. M'June ndi July madzi atazizira amacita ulesi, ndipo nyambo iyenera kuyenda pang'ono-pang'ono pafupi ndi pansi. Kuyambira September amadya mwaukali.

Nyambo iyenera kuoneka yamoyo. Nyongolotsi zazikuru zingapo pa mbedza imodzi, ciwala, kacule kapena nkhanu yaing'ono, zonsezi amalandira. Mbedza ikhale yokulirapo kuposa ya bream, pakuti kukamwa kuja kambedza kakang'ono kamangoturuka. Nyambo za m'sitolo za pulasitiki ndi zacitsulo zimagwira bwino, koma ndi zodula, ndipo zitsa zimadya zambiri. Anyamata anzeru amadula cigwiriro ca supuni yakale, naboola mbali zonse ziwiri, kwina cingwe, kwina mbedza. Ikakokedwa imagwedezeka ndi kunyezimira ngati temba lobvulala. Ponyani kupitirira pamene mukumganizira, kokani, imani pang'ono, kokaninso. Nthawi zambiri amagwira pa kuimako. Akagwira, cingwe cisakhwepe ngakhale pang'ono, makamaka pamene alumpha.

Cinthu cimodzi ndikupemphani: musanyamule tinsomba tamoyo ta nyambo kucokera ku madzi ena kupita ku ena, ndipo totsala musatitaye m'damu pocoka. Imeneyo ndi ndowa yomwe ija, yangocepa.

Pomcotsa m'madzi, lowetsani cala cacikuru m'kamwa ndi kugwira mlomo wam'munsi. Mano ace ndi ang'ono ngati a tupa, angokupalani khungu. Cenjerani ndi minga ya pamsana. Ndipo kagwiridwe kameneka musakayese pa mceni, mungabwerere kunyumba ndi zala zosakwanira. Bass wa m'damu la udzu wambiri nthawi zina amanunkha thope. Msendeni khungu musanakazinge, pfungolo licepa. Amawambikanso bwino pa moto wa utsi, mutamng'amba ndi kumthira mcere.

Kumbukirani nyengo yotseka, kuyambira 1 December kufikira kutha kwa February, pamene nsomba za mu Kafue ndi madzi ena ambiri ziswana. M'miyezi imeneyo musanapite kuli konse ndi mbedza, kapena kunyamula nsomba pa mseu, yambani mwafunsa ku ofesi ya nsomba. Za maenje a miyala a m'makomboni muno, monga Ngwenya wa ku Misisi ndi ena a ku Kanyama, mau anga ndi acidule: ndi akuya, amiza ana ambiri, ndipo madzi ace alandira zocokera m'zimbudzi. Si malo owedzamo, ndiponso si malo oikamo mbeu ya nsomba iri yonse.

Mukagwira nsomba imene simuidziwa, kapena mukapeza bass m'madzi mmene kale munalibe, tidziwitseni. Igonekeni cam'mbali pa thumba, pakamwa potseka, cipsepse ca pamsana cotambasula, ndipo muijambule ndi foni pamodzi ndi bokosi la macisi kuti tione kukula kwace. Amene alibe foni aithire mcere wambiri, aiumike yathunthu osadula mutu kapena zipsepse, napite nayo kwa mlangizi wa nsomba wa kufupi kapena ku Chilanga. Munene dzina la damu kapena mtsinje, mudzi wa pafupi, ndi tsiku limene munaigwira.

Tinsomba ta bambo wa ku Kanyama sitinakwere basi. Anapita ku Chipata ndi kalata yanga ya kwa mlangizi wa kumeneko, yopempha kuti akaone damu la m'mudzimo ndi kuwauza mbeu yoyenera. Tsopano amene ali ndi mafunso aimike dzanja. Tiyambe ndi amai, pakuti matemba ndi ao.